Mzere wa Kabokosi

Patson Zulu anapaka malovu pa kamphira n'kukakanikiza pagalasi lakutsogolo la galimoto. Kanagwa. Anapakanso akutukwanira mumtima. Munthu wayendetsa magalimoto a pamgodi ku Kitwe zaka makumi awiri ndi zitatu, lero ntchito yake n'kukhala yonyambita mphira kuti kabokosi kakhale pabwino!

"Ba Patson, mosamala. Kameneko ndi GPS, kachokera kunja," anatero Ronnie.

Ronnie anali woyeza malo wa kampani yatsopano imene idagula mgodi boma litayamba kugulitsa zake zonse. Ankakhala kwa olemera ku Parklands, ndipo nsapato zake zinali zisanalawepo matope a m'komboni ya Ndeke. Analamula, Patson n'kumachita: chingwe m'bowo loyatsira ndudu, kachitsulo kamaginito padenga, kenako kudikira padzuwa kuti kabokosiko kapezane ndi masetilaiti ake kumwamba.

"Kakangoona thambo, sikasochera," anatero Ronnie. "Inu muzingotsatira muvi."

Patson analiza galimoto. Tchire lonse la pakati pa Kitwe ndi Ndola ankalidziwa ngati thumba la buluku lake, koma wopempha salamula. Atamuchotsa pamgodi adakhala zaka zitatu pakhomo, akudya za tomato wa mkazi wake Harriet. Ntchitoyi anali adakali pa masabata oyesedwa, ndipo kugeti kunali madalaivala ena makumi angapo odikira kuti iye apunthwe.

Anasiya tara n'kulowa m'tchire, ngati tingalitchule tchire. Ootcha makala anali atameta dziko lonse mpala, kwatsala zitsa ndi milu ya phulusa. Ambiri mwa iwo anali anzake a Patson a pamgodi. Ronnie sankayang'ana kunja. Maso ake anali pa kagalasi kotuwa ka kabokosiko, kumene mzere unkakula pang'onopang'ono. Mzere umenewo ndiwo magalimoto akuluakulu obowola nthaka adzatsate Lolemba.

Kutsogolo kunaoneka kamsitu kobiriwira, kokhakokha pakati pa zitsa. Patson anachotsa phazi pamafuta. Ngakhale wanjala chotani, pali malo amodzi amene salowa ndi nkhwangwa.

"Bwana, tizungulire chakumanzere."

"Muvi ukuti straight. Kumanzere kuli dambo, malole angatitimire."

"Apo ndi pamanda."

Ronnie anatambasula mapu, n'kuyang'ananso kabokosi. "Pano sipakuoneka manda."

"Kumwambako sadziwa maliro, bwana. Awa ndi manda a anthu akwathu ochokera ku Chipata, a m'komboni yakale ya mgodi. Bambo anga ali momwemo."

Anatsika. Patson anavula chipewa n'kuwomba m'manja mwakachetechete asanalowe, monga adamuphunzitsira. Ronnie anam'tsatira kabokosi kali m'manja. Patson anaima n'kuyang'ana uku ndi uku. Panalibe mtanda ndi umodzi womwe. Yonse inali yachitsulo, yowotcherera pamgodi, mayina olembedwa ndi moto, ndipo yonse idazulidwa ndi akuba n'kupita pasikelo ya ogula zitsulo zakutha. Mitengo adaiopa, koma mayina a akufa adawagulitsa pa kilo. Panatsala mitumbira yophwatalala, mabowo a mitanda, ndi mbale imodzi yobooka.

Ronnie sanali munthu woipa, ndipo n'chimene chinanyansa kwambiri. Analankhula mofatsa ngati namwino.

"Sorry, mudala. Tichite chonchi: ndionetseni pamene agona bambo anu. Ndidina apa, kasunga malowo, malole adzawalambalala. Five metres mbali zonse."

Patson anayenda. Ankakumbukira mtengo wa msuku chakumutu, koma misuku inalipo isanu ndi umodzi. Anapita uku, anabwerera uku, thukuta likutsika m'khosi. Zaka khumi ndi chimodzi sanapondeko kuno. Novembala aliyense, mwezi wokumbukira akufa, Harriet ankati tiyeni tikalambule, iye n'kumati chaka chamawa. Ankadalira mtanda kuti uzikumbukira m'malo mwake. Akuba aja anali kum'nyansa, kampani inali kum'nyansa, koma tsopano fungo lenileni linkachokera m'malaya mwake momwe. Chala chimene ankalozera ena chinakana kuloza bambo wake.

"Ndi uti?" anafunsa Ronnie akuyang'ana wotchi. "Ingosankhani umodzi. Ine ndilemba, nkhani yatha."

Kusankha kunali kosavuta. Akanaloza mtumbira uliwonse, n'kubwerera pachiwongolero, mwezi ukatha n'kulowa m'nyumba ngati mwamuna. Mwina akanalasa. Mwinanso akanapulumutsa mlendo, matayala n'kudzapondaponda pachifuwa cha amene adam'bala.

"Onsewa," anatero Patson.

"Onse bwanji?"

"Kwathu mbale wa bambo ndi bambo. Amene adanyamula bokosi ndi bambo. Dinani ponse."

"Ba Patson, mukudziwa kuti nditanena izi ku ofesi, mawa pampando wanu pakhala wina?"

"Ndikudziwa."

Anatulutsa makiyi n'kuwaika m'dzanja la Ronnie. Ronnie anapukusa mutu, nakweza kabokosi kuti aone pamene aima, koma kagalasi kanali mbee. Masamba anali atatseka thambo, ndipo muvi uja unali utazimiririka. Anakagwedeza, anakakweza pamwamba pa mutu, kenako anatuluka m'kamsitumo chobwerera m'mbuyo, akufunafuna kumwamba.

Patson sanam'perekeze. Anapinda manja a malaya, nagwada pa mtumbira woyamba, wa munthu amene sankam'dziwa, n'kuyamba kuzula udzu. Mitumbira inalipo yoposa zana, ndipo Lolemba linali mkuja.