Nati ya M'mphuno mwa Ndege ya Fyson

Fyson anamwalira ndege yake isanathe. Inali ndege yankhondo ya pulasitiki, yolumikiza wekha, imene anaipeza m'katoni pakati pa nsapato za kaunjika kumsika. Anangomata mpando wa woyendetsa ndi phiko limodzi, kenako chifuwa chinamugwira, ndipo katoniyo inakhala pamwamba pa wadiropu miyezi isanu ndi umodzi.

Mng'ono wake Wiza sanaikhudze. Masiku amenewo sankakhudza kanthu. Maliro atatha sanabwererenso ku koleji, ankangokhala pakhonde kwawo ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, n'kumaonerera mvula ikukumba msewu.

Lolemba lina amayi ake analengeza kuti mlongo wawo, asibweni Zebedee, abwera Loweruka kuchokera ku Nkhata Bay kudzagawa katundu wa malemu monga mwa mwambo.

"Katoni ija nayonso ipita," anatero. "Ana akumudzi akaseweretse."

"Amama, akamwaza tizidutswa tsiku lomwelo. Ikhale mu kabati."

Kabati yagalasi ya amayi inali ndi malamulo kuposa khoti. Munkakhala makapu a ukwati wawo, mbale za alendo ndi kagalu kadothi kamodzi.

"Mu kabati mwanga simulowa zinyalala," anayankha. "Ikaima yokha ndi miyendo yake asibweni ako asananyamuke, ikhala. Apo ayi, ikwera minibasi."

Wiza anatsitsa katoniyo. Munali tizidutswa totuwa toposa zana, tolumikizana ngati nthambi, ndi pepala la zithunzi zosonyeza kamangidwe kake. M'mphepete mwa pepalalo Fyson anali atalembamo ndi pensulo, zilembo zake zopendekeka zija. Wiza anangoona chilembo choyamba, osapitiriza kuwerenga. Anapinda m'mphepete monsemo n'kupanikiza ndi chikhadabo, kuti azingoona zithunzi zokha.

Ntchito inayamba pa tebulo lodyera. Ankadula tizidutswa ndi lezala, n'kumasalaza ndi kachitsulo kopalira zikhadabo ka mlongo wake Lusungu, amene ankagwira ntchito mu saluni ku Masasa.

"Adumbu, ndiye mwatsegula fakitale ya ndege ndi zipangizo zanga?" anatero Lusungu kwa mlongo wakeyo. "Mukayamba kulemba anthu ntchito mundikumbukire."

"Tikufuna a digiri."

"Ndiye mwini fakitale ayambe wadzichotsa yekha."

Wiza anaseka, ndipo anadabwa kumva kuseka kwake komwe.

Lachitatu kamzinga kamodzi kanadumpha n'kulowa pansi pa sofa. Onse atatu anagwada kukafuna, amayi akudandaula za maondo awo koma tochi ili m'manja. Lachinayi anapaka utoto, koma chinyezi cha Mzuzu chinakana kuumitsa, mpaka Lusungu anabwereka choumitsira tsitsi ku saluni. Lachisanu anaviika timapepala ta zizindikiro m'sosala ya amayi n'kutitsetserezera pa mapiko. Madzulo ake Wiza anamata matayala atatu, n'kuigoneka chagada kuti guluu agwire.

Asibweni Zebedee anafika Loweruka m'mawa, atanyamula nthochi ndi usipa. Anapemphera, kenako anayamba kugawa. Nsapato kwa msuweni wakuti, zida zokonzera njinga kwa mnzake wa malemu wa pa shedi yokonzera njinga, malaya kwa uje. Jekete yakuda imene Fyson ankavala akamapita kukakonza njinga anadzipatsa okha, n'kuivala pompo ngakhale inali yowathina m'khwapa.

"Tsopano ndege ija tione," anatero amayi.

Wiza anaitembenuza mosamala n'kuiika pa tebulo. Inali yokongola, yosongoka ngati mkondo. Anachotsa dzanja. Ndegeyo inaganiza pang'ono, kenako inakhala pansi ndi mchira, mphuno kumwamba, tayala lakutsogolo lili lendelende.

Anaiweramitsa. Inakhalanso.

"Iyi ikupempha chakudya ngati galu," anatero asibweni, mapewa akugwedezeka m'jekete yothina ija. "Nkhondo yake yomenya chokhala?"

"Yatopa, asibweni," anatero Lusungu. "Yachokera kutali chomene."

Amayi sanaseke. Anayang'ana ndegeyo, kenako mwana wawo. "Minibasi ndi ya thu koloko," anatero motsitsa mawu.

Wiza anamva mkwiyo ukukwera. Ngakhale chidole cha pulasitiki chinkadziwa kuti iye samaliza zinthu. Anatenga pepala lija kuti aone pamene analakwitsa, koma zithunzi zonse anali atazitsata. Lusungu anamulanda n'kufunyulula m'mphepete mopindidwa muja.

"Kodi izi munawerenga?"

"Ayi."

Lusungu anawerenga mokweza, akutsanzira mawu a mkulu wawo: "Kumbuyo n'kolemera. Usanatseke mphuno ikamo nati. Nati yabwino ili m'thumba lam'kati la jekete. Wiza, ngati ukuwerenga izi ndiye kuti wagwiranso zinthu zanga."

Kenako maso onse anatembenukira kwa asibweni Zebedee.

Asibweni anapisa dzanja m'thumba movutikira, chigongono chili m'mwamba. Anatulutsa chipepala cha switi, kenako nati ya njinga, yonyezimira, yokulungidwa m'kansalu.

"Mwamwambo, iyi ndi yanga," anatero. "Yabwera ndi jekete."

"Zebedee," anatero amayi.

"Ndikungonena, adumbu. Ndikuipereka mwaufulu, mboni zione."

"Yewo, asibweni," anatero Wiza, akuseka uku maso akumuyabwa.

Anatenga lezala n'kuyamba kutsata mzere wa guluu kuzungulira mphuno, pang'onopang'ono, mpweya ataugwira. Mphuno inatseguka osasweka. Nati inalowa ngati anaipangira pomwepo. Anaigwiritsa ndi kachidutswa ka sopo, n'kumatanso, ndipo Lusungu anauzira ndi choumitsira chija.

Anaiika pa tebulo n'kuchotsa dzanja. Ndegeyo inaima ndi miyendo yonse itatu.

Amayi anapita kuchipinda n'kubwera ndi kiyi. Anatsegula kabati, anasuntha kagalu kadothi kamene sikanasunthidwepo chibadwire cha Wiza, n'kuloza malowo ndi chibwano.

Wiza anaika ndegeyo. Pepala lija sanaliike m'katoni. Analiwongola pa bondo, n'kukhala nalo pakhonde, n'kuyamba kuwerenga kuchokera pamwamba. Panali zolemba zina zisanu ndi zitatu, ndipo zitatu mwa izo zinali zomunena iye.