Voti Imodzi ya Kameoka

Munthu wanzeru sapita kukametedwa ndevu ndi munthu amene wamulakwira. A Ushijima ankazidziwa zimenezo, koma akanatani? Zaka zonse zimene akhala akulemba nkhani za besibo, masewera aja omenya mpira ndi ndodo, m'nyuzipepala ina ya ku Osaka, masharubu awo, aja ankawapotokola kunsonga ngati nyanga za tonde, sanakhudzidwepo ndi dzanja lina koma la a Tokuji. Kujomba mwezi umenewo kukanakhala kudziulula okha. Choncho m'mawa wina wozizira wa Disembala anakankha chitseko cha babashopu, napachika jekete, nagona pampando mtima uli m'mwamba.

Mlandu wake unali uwu. Ligi ikatha, atolankhani okhalitsa pantchito amavota mwachinsinsi kusankha wosewera woposa onse pachaka. Ulendo uno mzinda wonse unkadziwa kuti mphotho ndi ya Onizuka, chimphona cha timu yakwawo, amene akamenya mpira unkakatera pakati pa oonerera. Koma Onizuka anagonja ndi voti imodzi yokha kwa woponya mpira wa ku Tokyo. Ndipo kumunsi kwenikweni kwa zotsatirazo kunali mzere umene unapsetsa anthu mtima: Kameoka, voti imodzi. Kameoka ameneyu anali wa timu yomweyo ya Onizuka, wamkulu kale, wamatewe, ndipo ntchito yake inali banto basi, kuja kongogogoda mpira pang'ono kuti iwe utulutsidwe koma mnzako asendere kutsogolo. Amene anaponya votiyo sanadziwike. Ankadzidziwa yekha, ndipo tsopano anali atagona chagada, a Tokuji akumupaka thovu pakhosi.

"Inu bwana mtolankhani," anayamba a Tokuji uku akunola lumo pachikopa, "anthu amenewa mumadya nawo limodzi. Tangonditsinani khutu. Ndi ndani chitsiru chimenechi?"

"Voti ndi yachinsinsi, achimwene."

"Chinsinsi! Mbava nayonso imakonda chinsinsi."

Pabenchi panali a Kuwabara, mphunzitsi wa masamu wopuma ntchito, amene ankabwera sabata iliyonse ngakhale kumutu kunali dazi lokhalokha. Ankabwerera mkangano, ndipo sankabwerera chimanjamanja.

"Vuto lanu nonsenu ndi kukhulupirira maso," anatero aphunzitsiwo. "Mtolankhani amavotera amene wamumwetulira. Zinthu izi muzisiyire masamu. Kompyuta ilibe msuweni."

"Aphunzitsi," anayankha a Tokuji, "kompyuta yanuyo inayamba yanyowapo ndi mvula kubwalo? Inayamba yasasapo mawu? Mphotho tizisankha ndife ochemerera, basi."

"Ndiye kuti chaka chilichonse azipambana wa timu yanu."

"Nanga cholakwika n'chiyani pamenepo? Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."

"Komatu masamu anga akusonyeza kuti wa ku Tokyo uja anayeneradi."

A Tokuji anatembenuka lumo lili m'manja, ndipo aphunzitsi anapeza mwadzidzidzi nkhani yofunika kwambiri kuseri kwa nyuzipepala.

Apa a Ushijima akanangokhala chete. Koma mtolankhani kumuuza kuti asatsutse kuli ngati kuuza nkhuku kuti isapalase.

"Ine ndimangoti, kodi wopambana ndi womenya yekha?" anatero mawu akutuluka m'thovu. "Onizuka akamenya, amalowetsa ndani kuti timu ipeze chigoli? Si uja Kameoka wamusendeza? Munthu wodzipereka kuti mnzake apite patsogolo, ulemu wake tiuika pati?"

Lumo linaima pakholingo penipeni.

"Mukulankhula ngati mukumudziwa wovotayo."

"Ayi, ayi. Ndikungoyesa kuganiza mmene chitsirucho chinaganizira."

Zinawapweteka kudzitukwana okha, koma anameza malovu mosamala kuti kholingo lisasunthe kwambiri. Zoona zake n'zakuti sankafuna kulanda Onizuka kanthu. Ankaganiza kuti Onizuka apambana ndi mavoti ochuluka, oti imodzi ikasowa palibe angazindikire. Anali atamva kuti timu ikufuna kumupumitsa Kameoka, ndiye anakumbukira mamawa onse amene ankamupeza yekhayekha pabwalo akuyeserera kugogoda kwake kuja, kumene palibe amakuombera m'manja. Chisoni chinawagwira, dzanja linalemba. Chifundo chidapha nkhwali.

"Ndikadzamupeza ameneyo," anapitiriza a Tokuji lumo likutsetsereka patsaya, "ndidzamumeta ndi nsidze zomwe. Ndipo pakhomo panga pano asadzapondepo mpaka kufa."

Mawu omalizawo ndi amene anawalasa a Ushijima. Nsidze zimamera. Koma chimwalirireni akazi awo, munthu yekhayo m'mzinda wonsewo amene ankawafunsa ngati adya anali wometa wapakamwa ameneyu. Ankaopa kutaya mpando umenewo kuposa mmene ankaopera lumo.

A Tokuji anawaphimba kumaso ndi thaulo lotentha. Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, n'kulowa bambo wamatewe, wovala suti yakuda, atanyamula ndi manja awiri bokosi lokutidwa ndi nsalu. Unali mwezi wa mphatso za kutha kwa chaka, pamene munthu woleredwa bwino amayendera aliyense amene anamuchitira zabwino, ndipo Kameoka, tsoka ilo, analeredwa bwino kwambiri.

"Pepani ndasokoneza," anatero akuwerama. "Ku ofesi ya nyuzipepala andiuza kuti a Ushijima ndiwapeza kuno."

Pansi pa thaulo a Ushijima anasiya ngakhale kupuma, akupempha kuti thaulolo likule liwakwirire mpaka kumapazi. Koma nsonga ziwiri za masharubu zinali zitatulukira uku ndi uku, ndipo masharubu oterowo ku Osaka analipo amodzi okha. Kameoka anawerama kachiwiri, moyang'ana masharubuwo, mutu mpaka kufika m'mawondo.

"Bambo, zikomo kwambiri chifukwa cha voti ija."

"Si ine," linatero thaulo.

"Ndinu, bambo. Ndakhala ndikuganiza sabata yonse. Chiyambireni kusewera, amene analembapo dzina langa osalilakwitsa ndinu nokha."

A Tokuji ananyamula thaulo lija pang'onopang'ono ndi zala ziwiri. Maso anakumana. Aphunzitsi anatsitsa nyuzipepala, pakamwa pali yasa.

Kameoka sanaone chilichonse cha zimenezi, popeza anali chiweramire. Anamasula nsalu, naonetsa vwende lokongola, la mtundu uja munthu amagula kuti apatse wina, osati kudya yekha.

"Timu yandipumitsa," anatero motsitsa mawu. "Sindikudandaula, mawondo atha. Koma amayi anga kumudzi adula kachidutswa ka nyuzipepala kaja, n'kukaika paguwa la m'nyumba, pafupi ndi chithunzi cha malemu bambo. Akuti bambo aone kuti mwana wawo analembedwapo tsamba limodzi ndi Onizuka. Ine ndimayesa kuti palibe ankandiona."

Aphunzitsi anamina mwamphamvu, n'kunena kuti ndi kuzizira. Maso a a Tokuji anali atafiira, ndipo palibe akanatha kunena ngati unali mkwiyo kapena chinthu china. Mwina mwini wakenso sankadziwa.

"Ndiye ndinu," anatero potsiriza.

"Ndine, achimwene."

"Chitsiru chija."

"Chomwecho."

"Paja munati chiyani? Wodzipereka kuti mnzake apite patsogolo ndiye woyenera ulemu?"

"Ndinatero."

"Chabwino. Dziperekeni."

Lumo linadutsa kamodzi kokha. A Ushijima atayang'ana pagalasi anaona munthu wachilendo: kumanzere nyanga ili chilili monga mwa masiku onse, kumanja kuli see ngati pamutu pa aphunzitsi. Misozi inalengeza. Masharubu amenewo anali akale kuposa ana ena amene tsopano akusewera mu ligi.

"Malizanitu mbali inayo," anapempha a Ushijima.

"Inayo ikhale. Mzinda wonse uone. Ndidzachotsa mwezi wamawa, ndipo mudzabwere nthawi yake, osati kumazemba ngati mwana wa sukulu. Dzukani, mwatulutsidwa. A Kameoka, senderani kuno, tsitsi ili likuchititsa manyazi timu yonse."

Kameoka anakana kawiri monga mwa ulemu, kachitatu nakhala. A Ushijima anapita pabenchi dzanja lili pakamwa, koma m'mutu mwawo munkangobwerera mawu amodzi: mwezi wamawa. Aphunzitsi anawasunthira malo, n'kuyamba kufotokoza monong'ona kuti malinga ndi masamu banto ndi kutaya mwayi chabe, koma palibe anawamvera.

Sizasi inalira kanthawi pamutu pa Kameoka. Kenaka a Tokuji, osatembenuka n'komwe, analankhula mokalipa ngati akukalipira galasi.

"Inu a nyanga imodzi. Kodi lero mwadya?"