Chithunzi Chotsogolera Bokosi Langa

Pa maliro a mnzanga Estele m'pamene ndinadziwa kuti munthu ukhoza kuchita manyazi uli m'bokosi. Mayi ameneyu anali waukhondo moyo wake wonse, duku lake silinkapendama ngakhale pothyola tiyi ku esiteti. Koma tsiku lomuika, ana ake anasowa chithunzi choti chitsogolere bokosi. Anangotenga cha pa chitupa chake cha unzika n'kukachikulitsa ku Boma. Abale inu! Maso ali tong'o, mutu uli pamtunda, kukamwa kuli yasa ngati amugwira ndi zinanazi zakuba. Anayenda nacho patsogolo kuchokera ku tchalitchi mpaka ku manda, ndipo ife oimba kumbuyo tinkachita kubisa nkhope m'manja. Anthu ankati tikulira.

Nditafika kunyumba ndinauza mwana wanga Tamanda kuti, "Ine zimenezi ayi. Ndikufuna chithunzi changa ndidakapuma. Nditavala yunifolomu ya Mvano, nditakhala pa mpando, Baibulo pamiyendo. Ndichione ndekha, ndichivomereze ndekha."

Tamanda anati zimenezo n'zosavuta, poti m'banja mwathu muli ojambula awiri. Ankanena ana a mchimwene wanga Pilato, Chester ndi mng'ono wake Vincent, amene amagwira ntchito ku Blantyre. Ndi abambo a ndevu zawo, koma Loweruka lililonse amangozungulira dziko makamera ali lendelende m'khosi. Sajambula kuti adye ayi. Akuti n'chikondi chabe.

Anabwera kwathu kuno ku Milonde pa galimoto ya Chester. Asanamwe n'komwe madzi, nkhondo inayamba pakhonde.

Kamera ya Chester ndi yachitsulo, yakale kuposa mwini wake, ya filimu. Ya Vincent ndi yakuda bii, ya dijito, kutsogolo kwake kutalika ngati munsi, kumbuyo kuli kagalasi koonerapo.

"Azakhali, musalole kuti uyu akujambuleni ndi chimakina chakecho," anatero Chester. "Zimene chimatulutsa si zithunzi, ndi manambala. Filimu ndiye imagwira mzimu wa munthu."

"Mzimu wangawo uusiye kaye," ndinatero. "Ndidakaugwiritsa ntchito."

Vincent anaseka. "Achimwenewa amajambula lero, n'kudzadziwa pa Khirisimasi kuti munthu anamudula mutu. Ine ndikadina, mukudziona pompano."

"Udina kangati? Mazana asanu, ngati nkhuku yojompha madeya, kuti mwina chimodzi chikoma mwangozi. Ine ndili ndi mipata sate sikisi basi. Ndimayamba ndaganiza."

"Mumaganiza chifukwa filimu inadula."

"Iwe sudziwa ngakhale fungo la mankhwala otsukira."

"Alamu amalidziwa. N'chifukwa chake amakasamba kwa aneba."

Ine mumtima ndinkangoseka. Filimu imeneyi Chester amaiyesa chinthu chodabwitsa, pamene ife tinavutika nayo kale. Kunali bambo wina wa njinga amene ankabwera ku esiteti tsiku lolandira. Timadzola mafuta, timabwerekana nsapato, timaima chilili osapuma. Pakapita milungu itatu amabwera n'kunena kuti, "Pepani amayi, filimu inapsa." Zimene ife tinazithawa, mwana wa mchimwene wanga wakazigula modula, ndipo akuzinyadira.

Ndinalowa m'nyumba, ndinavala bulauzi yoyera yosita ndi makala, siketi yakuda, duku lili gwa. Ndinatuluka n'kukhala pa mpando wanga wapulasitiki patsogolo pa nyumba ya malata imene ndinamanga ndi thukuta la tiyi.

Apa ndiye panachitika chozizwitsa. Anthu awiri aja, amene sagwirizana ngakhale za tsiku limene amayi awo anabadwa, anagwirizana.

"Aaa, azakhali, izi ayi," anatero Chester. "Mukuoneka ngati mukudikira adokotala."

"Zoona," anatero Vincent. "Tikufuna zachilengedwe. Mulibe chitenje chakale? Chong'ambika pang'ono?"

"Chong'ambika cha chiyani?"

"Makwinya anuwa ndi chuma, azakhali," anatero Chester. "Ku Blantyre makwinya otere sitiwapeza."

"Adikireni, akubwera."

Anandinyengerera kuti tiyambe ndi zawozo, kenako tijambula changa. Ine, poti mlendo ndi mame, ndinavomera. Anandiveka chitenje chimene ndimaphimbira nkhuku yofungatira. Anandivula nsapato. Vincent anachotsa mpando, anachotsa ndowa yanga yatsopano, anachotsa ndi sola yomwe, akuti zikuononga mudzi. Ananditengera kuseri, ku khitchini yakale imene inagwa mbali imodzi ndi mvula, n'kundipatsa lichero la nandolo kuti ndizisankha, phiri lili kumbuyo.

Vincent ankangoti tcha-tcha-tcha, atagona chafufumimba m'zitosi. Chester ankandizungulira ngati kabawi, akuyang'ana kumwamba, akuti akudikira kuwala. Ndinasankha nandolo yemweyo katatu. Nditati tsopano tijambule changa, chiperoni chinali chitatsika m'phiri. Chester anati kuwala kwapita ndipo filimu yatsala pang'ono. Vincent anati batire yatha. Inathera pa ine, pa nkhuku, pa mphaka ndi pa mtondo wong'aluka.

"Tibweranso Loweruka, azakhali."

Loweruka limenelo linatenga miyezi inayi osafika.

Tsiku lina Tamanda anabwera ndi foni yake, nkhope ili ndwii. Anandionetsa kumene anthu a makamerawa amasonkhana pa intaneti n'kumalimbana. Abale anga aja anali ataikako zithunzi ziwiri kuti anzawo aweruze kuti zabwino n'ziti, filimu kapena dijito. Cha Chester chinali chakuda ndi choyera, ndipo munali manja anga ndi mapazi basi, ming'alu ya ku zidendene ikuoneka bwinobwino moti ukhoza kudzalamo chinangwa. Cha Vincent munali ine yense, kakang'ono pakona, phiri analipaka mtundu wa biringanya. Pansi pake anthu anali atalemba zambirimbiri. Tamanda anandiwerengera. Wina akuti filimu imaonetsa kuvutika mokoma. Wina akuti dijito imaonetsa kuvutika momveka. Mzungu wina anafunsa ngati mayi ameneyu amadya.

"Zidendene zanga zafika ku Ulaya," ndinatero, "mwini wake sindinafike ngakhale ku Lilongwe. Ndikafa mawa, bokosi langa lidzatsogoleredwa ndi mapazi?"

Ndinayala mphasa kuchipinda, ndinafunda bulangeti masanasana.

"Imba foni. Uwauze kuti mayi sakudya, ndipo ayamba kuyankhula ndi anthu amene anamwalira."

"Amayi, ine bodza limenelo ayi."

"Bodza lili pati? Chidzukireni wandiona ndikudya? Nanga Estele sindimuyankhula tsiku lililonse ndikamatsuka mbale?"

Anaimba.

Mmawa mwake tambala atangotsika, galimoto inali pabwalo. Njira imene inakanika miyezi inayi inatheka tsiku limodzi. Analowa monyang'ama, aliyense atakumbatira chinthu chokulunga m'nyuzi. Ine maso tseke, ndikupuma ngati mphaka wokalamba. Chester anaika makiyi a galimoto pa mpando pafupi ndi mutu wanga, n'kugwada.

"Azakhali, ndife ana anu."

Ndinangoti, "Mmmh."

Anayamba kunong'ona, koma kunong'ona kwa ana a Pilato kumamveka ku msika.

"Tamanda, zikachitika, ichi ndicho chitsogolere," anatero Chester akumasula nyuzi. "Ndatsuka ndekha. Pepala lake limakhala zaka handiredi."

"Achimwene, m'menemu mulibe nkhope," anatero Tamanda.

"Nkhope aliyense ali nayo. Manja ndiwo amanena mbiri ya munthu."

"Anthu azidzati tikuika manja a ndani?" anatero Vincent. "Taonani changa. Ndachezera pa kompyuta. Yunifolomu ija amaifuna ndawaveka."

Ndinatsegula diso limodzi pang'ono. Mayo ine! Mutu unali wanga, koma thupi linali la mayi wina wonenepa, wa wotchi yagolide, mabere ngati maungu. Nkhope anaisita, makwinya onse aja a chuma atachoka. Mano awiri amene ndinasiya ku chipatala chaka cha njala anali atabwerera, oyera kuposa anzawo.

"Awa ndi ndani?" anafunsa Tamanda.

"Ndi azakhali, kungowakonza pang'ono."

"Waona?" anatero Chester. "Dijito ndi bodza lovala suti."

"Bola bodza la nkhope kusiyana ndi choonadi cha zidendene."

"Mwana iwe, ine ndinayamba kugwira kamera iwe ukudya dothi."

"Ndipo mpaka lero simunajambulepo mutu."

Apa ndinatambasula dzanja, ndinatola makiyi aja, n'kuwaponya m'kati mwa bulauzi, malo amene mwana wa mchimwene wako sangapisemo dzanja ngakhale atapenga. Kenako ndinadzuka n'kukhala tsonga.

Vincent anagwetsa chithunzi chake. Chester anafuula kuti, "Yesu!"

"Si Yesu, ndi ine. Tulukani, mukatenge makamera. Tamanda, ika makala mu ayironi."

"Azakhali, mwatinamiza? Ine ndasiya msonkhano ku ntchito!" anatero Chester.

"Ukanausiyabe pa maliro. Ndangokufulumizitsa."

Nthawi imene ndinamaliza kuvala, dzuwa linali pa liwombo. Ndinaika ndekha mpando patsogolo pa nyumba ya malata. Ndowa yatsopano ndinaiika poonekera. Sola ndinaipukuta.

"Kuwala kumeneku n'koipa," anadandaula Chester. "Dzuwa la masana limaphwanya nkhope. Tidikire cha m'ma folo."

"Dzuwa lomweli ndi limene adzandiike nalo. Jambula. Kuyambira duku mpaka nsapato. Ukadula kanthu, upita ku Blantyre wapansi."

Anawerama, anapotokola kamera yake uku ndi uku, n'kuti kha, kamodzi.

"Iwe Vincent, udina katatu basi. Ukakafika ku kompyuta yakoyo, mano anga usawakhudze. Amene anapita anapita."

"Koma azakhali, mutamwetulira pang'ono..."

"Pa maliro anga ndizisekerera chiyani?"

Tili m'kati mwa zimenezi tinamva nyimbo ikubwera m'njira ya m'munda wa tiyi. Anali amayi a Mvano, khumi ndi mmodzi, onse mu yunifolomu. Mbiri inali itawafika kuti ndatsala madzi amodzi, ndiye amabwera kudzandipempherera. Kutsogolo kunali apampando athu, mayi Jacqueline, amene saseka wamba. Nyimbo inaduka pakati atandiona ndili pa mpando, ndikuloza abambo awiri ndi chala.

"Amayi, si inu timamva kuti mwatsala pang'ono?"

"Ndine, amayi. Mapemphero anu ndi amphamvu. Afika inu musanafike."

Mayi Jacqueline anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana mpando, anayang'ana makamera. Kenako anakonza duku lawo.

"Nkhani ya bodzayi tidzaikamba Lachinayi," anatero. "Pakali pano tadzukani pampandopo. Baibulolo mundibwereke."

Anakhala mmodzimmodzi, onse khumi ndi mmodzi, manja pa Baibulo, nkhope zili gwa. Aliyense ankafuna makamera onse awiri, kuti ina ikapsa ina ipulumuke. Chester ankachita kubuula akamadina, ngati akumuzula dzino. Filimu imene ankaisungira mathithi a m'phiri inathera pa azimayi okhala mofanana, pa mpando umodzi, padzuwa loipa.

Vincent ndinamukweza kabaza kuti akatsukitse changa ku Boma tsiku lomwelo. Chester anatsala ngati chikole, ndipo ndinamupatsa lichero kuti asankhe nandolo, aone kukoma kwa zachilengedwe. Makiyi anatuluka Vincent atabwera ndi chithunzi m'manja. Chester, poti filimu yake amatsukira kwawo m'bafa, ndinamulanda chikwama cha magalasi a kamera n'kuchitsekera m'sutikesi. Pasanathe milungu iwiri anabwera nacho chake, cha m'felemu.

Lachinayi lija anandidzudzula ndithu, ndipo ndinapepesa pamaso pa gulu. Amene anandidzudzulawo chithunzi chawo chili pa khoma, pamwamba pa wailesi.

Tsono kunena zoona, zithunzi zanga zonse ziwiri n'zabwino. Cha Vincent bulauzi ikuwala, ndowa ikuoneka kuti ndi yobiriwira. Cha Chester chilibe mtundu, koma ndikuonekamo ngati munthu amene anali ndi galimoto. Onse awiri amafuna kudziwa kuti chimene chidzatsogolere bokosi n'chiti, akuti yankho langa lithetsa mkangano wawo wa pa intaneti.

Chester atandifunsa kuseri, ndinamunong'oneza kuti, "Ndi chako, mwanawe, koma usamuuze mng'ono wako, angadwale." Vincent atandifunsa ku galimoto, ndinamunong'oneza chimodzimodzi. Chiyambire pamenepo amabwera mwezi ndi mwezi, wina ndi shuga, wina ndi buledi, aliyense akumumvera chisoni mnzake.

Chenicheni ndinamuuza Tamanda yekha. Pano sindilemba, chifukwa ana a Pilato onse awiri amadziwa kuwerenga.