Maluwa Opanda Tsinde

A mjomba Mahmudu anatambasula mpango uja pamkeka monga amachitira apolisi ndi katundu wopezeka ndi wakuba.

"Chemwali, ndikukufunsani kachitatu tsopano. Akukutumizirani zimenezi ndani?"

Amayi sanadzutse nkhope. Anapitiriza kusema kanyenyezi pa mphira wa patapata wakale, lezala ikuyenda pang'onopang'ono pakati pa zala zawo zothimbirira ndi utoto. Kunali kutatsala sabata imodzi kuti tidye Idi, ndipo khonde lathu ku Mposa linali litadzaza mipango ndi tihanki tomwe tinayanika pazingwe.

"Ndi mpango chabe, achimwene."

"Mpango chabe? Anthu pa mjigo akuti Che Zubairu wa matemba amabweretsa kaphukusi pano chaka ndi chaka. Dzulo ku mzikiti andifunsa ngati ukwati tinamanga kale mobisa. Ine mwini mbumba ndizimva kwa anthu? Idi ikangodutsa ndimuitanitsa pamaso pa ashehe, adzanene yekha chomwe akufuna pakhomo pano. Inunso mudzakhalapo."

Ine ndinali kumapeto kwa khonde ndi simbi ya makala m'manja, ndipo ndinapsereza kahanki kamodzi. Nkhani ya pa mjigoyo ndinaiyambitsa ndine.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, mutu wodzaza masewero achikondi a pa wailesi. Bambo anga, Che Sufiyani, anali osema zidindo. Anali ndi kathebulo pakhonde la sitolo ina ku Balaka pomwe ankasemera zidindo za masukulu ndi mabungwe, koma Ramazani ikafika ankasiya zilembo n'kuyamba kusema mwezi, nyenyezi, nsomba ndi masamba. Ankamata mphira pa kathabwa ndi guluu womatira machubu a njinga, kunyowetsa kansanza ka bulangete ndi utoto m'mbale yachitsulo, n'kudinda nsalu zoyera kuti anthu agule mphatso za Idi. Amayi anaphunzira kwa iwo. Mpaka lero ndikamadutsa pa okonza njinga ndimachedwa dala kuti ndimve fungo la guluuyo.

Bambo anamwalira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, kwa mkazi wawo wamkulu, Abiti Mailosi, ku Phalula. Anatsirizika m'mawa, ndipo dzuwa lisanapendeke anali ataikidwa kale, monga mwa chipembedzo chathu. Ife tinafika manda atafotseredwa. Amayi anaima pa dothi lofiiralo osagwetsa msozi, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina la mkazi mnzawoyo silinatchulidwenso m'nyumba mwathu.

Chaka chotsatira mpango woyamba unafika. Unali woyera, m'mphepete mozungulira muli maluwa a kakombo ofiirira, koma opanda tsinde, opanda tsamba, ongoyandama. Pansi pa duwa lililonse panali kadontho kamodzi. Chaka ndi chaka amayi ankalandira, kuyang'ana kamphindi, kupinda, n'kutsekera m'sutikesi. Sanavalepo ndi umodzi womwe. Akapita kumunda ine ndinkaba kiyi n'kumawerenga timadontho tija, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti inali misozi ya mwamuna wamanyazi. Che Zubairu mkazi wawo anali atamwalira, ndipo popereka kaphukusiko ankayang'ana pansi. Umboni wina ndikanaufuniranji? Ndinamuuza mnzanga Ilham pa mjigo, nditamulumbiritsa kuti asauze munthu. Anasunga chinsinsicho mpaka ndowa yake itadzaza.

M'mawa wotsatira tsiku lomwe a mjomba anakalipa lija ndinawapeza Che Zubairu akumanga matumba a matemba panjinga. Mawu ndinali nditawakonza kale njira yonse.

"Che Zubairu, ngati amayi mukuwafuna, pitani kwa a mjomba mwaulemu. Musawachititse manyazi pamaso pa ashehe."

Anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka njinga inatsala pang'ono kugwa.

"Ine? Ndi mano atatuwa? Ramla mwanangu, ine ndimadziwa matemba. Duwa ndingalijambule ine? Ndi dzina langa lomwe ndimasainira chala."

"Nanga amakupatsani ndani?"

"Ndinalumbira kuti sindidzanena, ndipo uno ndi mwezi wosala, sindingaphwanye lumbiro." Anakoka chingwe ndi mano atatu aja n'kumanga mfundo. "Koma Lachinayi ndimakagulitsa ku Phalula. Msewu si wanga. Wina akakwera minibasi yomweyo, ine sindinanene kanthu."

Amayi ndinawauza kuti ndikukagula utoto ku Balaka. Mungaganize kuti nditamva dzina la Phalula ndinazindikira. Iyayi. Njira yonse, kudutsa pa mlatho wa Shire ku Liwonde, matumba a matemba akundikanda miyendo, ndinkaona m'maganizo mwamuna wamtali wa mkanjo woyera, mwina mphunzitsi, mwina mnzawo wa bambo yemwe anadikira mwaulemu zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinali nditamupatsa kale ndevu zoyamba imvi ndi mawu otsika.

Titatsika, Che Zubairu analoza ndi milomo kanyumba kena kuseri kwa ogulitsa tomato, n'kutembenuka ngati sakundidziwa.

Pakhonde panali mayi wachikulire atawerama, mphuno itatsala pang'ono kukhudza nsalu yomwe ankadinda. Pachingwe pamwamba pake panali tihanki tiwiri ta maluwa a kakombo, opanda tsinde.

"Odi."

"Fikani." Anatsinzinira maso. "Sendera kuno, ndikuone bwino." Anandigwira chibwano ndi zala zonunkha utoto n'kunditembenuzira kudzuwa. "Chipumi ichi ndi cha Che Sufiyani. Ndiwe Ramla."

Ndinagwada n'kupereka moni. Kunena zoona, choyamba chomwe ndinamva mumtima chinali kukhumudwa. Ndinayenda ulendo wonsewo kufuna mwamuna wokongola, ndipo ndinapeza Abiti Mailosi.

"Amavala?" Limenelo ndilo linali funso lawo loyamba.

"Iyayi, amayi aakulu. Amangosunga m'sutikesi."

"Koma sataya."

"Sataya."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati ndawabweretsera nkhani yabwino. Ndinawafotokozera za a mjomba, za ashehe, za pakamwa panga, ndi za bodza la utoto lomwe ndinanamiza amayi. Kenako ndinafunsa chomwe chinandisowetsa mtendere zaka zonsezo.

"Nanga timadontho timeneti? Ndi misozi?"

"Misozi?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wa osema zidindo iwe? Bwera nalo dzanja."

Anandiika m'manja kathabwa kosalala chifukwa chogwiridwagwiridwa. Ndinazindikira kasemedwe ka bambo nthawi yomweyo, mizere yopyapyala ngati tsitsi.

"Duwa la mitundu iwiri limafuna zidindo ziwiri," anatero. "Ichi ndi cha maluwa. Chinzake ndi cha tsinde ndi masamba, cha utoto wobiriwira. Bambo ako anaika kadontho pa chilichonse kuti podinda chachiwiri usasochere. Dontho ukaliika pa dontho, duwa limakhala pa tsinde lake. Anasema pa Ramazani yawo yomaliza. Ankati chaka chimenecho ine ndi mayi ako tidzavale mipango yofanana. Cha tsindecho chinamatuka, ndiye anapita nacho ku Mposa kukamata, n'kuchisiya komweko kuti chiume. Atabwerera kuno sanathe masiku atatu."

Galimoto yaikulu inadutsa pamsewu, tihanki tija tinagwedezeka pachingwe.

"Tsiku la maliro lija foni ya a mjomba ako sinkalowa. Ndinatuma mlamu wanga kuti akwere galimoto yoyamba. Ndinagwada pamaso pa amuna kuti adikire pang'ono, anandiyankha kuti mtembo suchedwetsedwa. Mayi ako amaganiza kuti ndinawamana mwamuna ngakhale ali mu nsalu yoyera. Pakamwa sangandimvere. Kulemba sindidziwa. Chomwe ndimadziwa ndi kudinda, ndiye ndimadinda mbali yanga n'kuwasiyira malo."

Ndinafuna kuwabwezera chidindo chija, koma anapinda zala zanga pamwamba pake.

"Maso akutha, mwanangu. Chaka chamawa sindidzaona pomwe ndikudinda. Tenga, ukawapatse. Zidindo ziwirizi zikhale nyumba imodzi. Ndipo utoto unanamizirawo ukaguledi, wobiriwira, ungadzaonjezere tchimo la bodza m'mwezi uno."

Ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo. A mjomba anali pampando wa khonde akudikira nthawi yomasula kusala, amayi akusita. Ndinagwada pakati pawo, ndinaika chidindo ndi kabotolo ka utoto pamkeka, n'kunena zonse, kuyambira pa kiyi wa sutikesi mpaka pa ndowa ya Ilham.

A mjomba anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Ndiye mwamuna takhala tikumusakayu ndi Abiti Mailosi?" Anatembenukira kwa amayi. "Inu munkadziwa?"

"Dzanja la mwamuna wanga ndingalephere kulizindikira?"

"Nanga osanena bwanji, chemwali? Mumafuna mpaka ine ndikaime pa ashehe ngati wamisala?"

"Ndikananena, ndikanatchula dzina lawo," anatero amayi.

A mjomba anavala chipewa, anandiloza ndi chala. "Iwe, wailesi ija ndikaiponya m'nyanja." Anatsika pakhonde akung'ung'udza kuti tsopano ayenera kukapepesa munthu wa mano atatu.

Tsiku limenelo amayi sanandilankhule. Chidindo chija chinagona pamkeka pomwepo, ndipo pokolopa m'mawa anachizungulira osachikhudza. Ndinaganiza kuti ndaononga zonse kachiwiri.

Loweruka, dzuwa litakwera, ndinamva sutikesi ikutseguka. Amayi anatuluka ndi mipango isanu ndi umodzi pamkono, ndi jekete la bambo lomwe linkapachikidwa kuseri kwa chitseko. Anapisa m'thumba la mkati. Kathabwa kanali momwemo, mphira wake ukadali woyera, wosalawapo utoto.

"Nyowetsa kansanza," anatero osandiyang'ana.

Ndinathira utoto wobiriwira pa bulangete. Anayala mpango woyamba, uja unafika ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Atadinda n'kukweza, tsinde linakhala pambali, duwa likadali m'malere.

"Bambo ako akanati ndadinda ngati mbuzi yoponda m'matope."

Tsinde lachiwiri linapendeka. Tsinde lachitatu linapendekanso, koma pang'ono. Kenako anapuma mozama, anawerama, anayang'ana kadontho, n'kutsitsa chidindo mwakachetechete. Atakweza, kadontho kanali katasowa pansi pa kanzake, ndipo kakombo anali ataima pa tsinde lake, masamba awiri atatambasuka m'mbali. Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali. Dontho lina linagwera pansalu pambali pake, losakhala la utoto, ndipo analipukuta msanga ndi chala chachikulu.

Tinadinda mpaka dzuwa linachoka pakhonde. Ine ndinkagwira nsalu m'makona, iwo akudinda, kenako ndinasita umodziumodzi kuti utoto ugwire. Potsiriza anasankha mpango womwe maluwa ake onse anaima mowongoka, anakulungamo chidindo cha maluwa chija, n'kumanga ndi ulusi.

"Ichi si changa," anatero. "Maso awo ngati akutha, pali ena owagwirira dzanja. Minibasi ya ku Balaka tingaipeze nthawi yanji tsiku la Idi?"

Zidindo ziwirizo zili ndi ine lero, mphira unachita ming'alu ndipo sizidindanso. Koma ndikaziona, chomwe chimabwera ndi m'mawa wa Idi uja, titachoka kopemphera. Tinaima m'mbali mwa msewu, fumbi likutidetsa zovala zatsopano. Amayi anali atafungatira kaphukusi pachifuwa ndi manja awiri, chala chachikulu chikadali chobiriwira, ndipo kumutu anali atamanga mpango woyamba uja, wa matsinde opendeka.