Mpando Wachisanu ndi Chinayi

Ntchito yanga ndi yolemba zokambirana mu komiti ya boma yoyang'anira ndondomeko ya thanzi la maganizo m'dziko lonse. Dzina la komitiyi ndi lalitali kuposa misonkhano yake. Timakumana Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse, m'chipinda momwe muli tebulo lalitali, fani yosazungulira, ndi mipando isanu ndi inayi, osawerengera wanga wapakona.

Mipando isanu ndi itatu ndi ya nthambi za boma: a zaumoyo, a zamaphunziro, a zandende, a zamalamulo ndi ena otero. Wachisanu ndi chinayi, wa pafupi ndi khomo, malamulo amati ndi wa munthu amene akudwala kapena anadwalapo matenda a maganizo. Kwa zaka zitatu pampandopo pamakhala majekete.

Sikuti komiti sinayesetse ayi. Inakhazikitsa kakomiti kofufuza munthu wotere. Kakomitiko kanagwirizana kuti wofuna mpandowo abwere ndi makalata awiri a dokotala: ina yotsimikiza kuti mutu wake suli bwino, ina yotsimikiza kuti mutu wake uli bwino moti akhoza kusaina. Palibe anabwera. Kakomitiko kanalemba lipoti loti anthu otere ndi osowa.

Lipotilo ndinalitayipa ndine, nditangomwa piritsi langa la m'mawa.

Mankhwala angawa amapezeka kuchipatala chachikulu chokha, ulendo wa mabasi awiri, ndipo amapereka a mwezi umodzi basi, pa tsiku la ntchito. Ndiye mwezi uliwonse ndinkalemba fomu yopempha tsiku, ndipo pamzere wa chifukwa ndinkalemba kuti maliro. Tsiku limene a Wapampando anandiitana muofesi mwawo n'kuti nditaika m'manda azakhali khumi ndi anayi, osawerengera amalume.

"Mayi," anatero, "kodi bambo anu anali ndi alongo angati?"

"Banja lathu ndi lalikulu, bwana."

"Linali lalikulu. Maliro ena akachitika chaka chino, mudzabwere ndi kalata yosiya ntchito."

Ndinachita mantha, sindibisa. Ntchito ikatha, ana adya chiyani? Mankhwala ndikasiya, ndikudziwa kumene ndimathera: makatani otseka, milungu itatu osadzuka.

Lachinayi lotsatira patebulo panabwera chikalata cholola kuti mankhwala a maganizo azipezeka m'zipatala zazing'ono zonse, kuphatikizapo chimene chili kuseri kwa nyumba yanga, chomwe chimatsegula ngakhale Loweruka. Aka kanali kachisanu ndi chiwiri chikalatacho kubwera patebulopo. Onse anagwirizana nacho. A zandende mpaka anawomba m'manja. Kenako a zamalamulo anatsokomola, monga mwa nthawi zonse.

"A Wapampando, ndondomeko yokhudza odwala singadutse popanda siginecha ya woimira odwala."

"N'zoona," anatero a Wapampando. "Mayi, lembani kuti nkhaniyi yaimitsidwa kufikira atapezeka munthu."

Ndinalemba liwu loyamba, cholembera n'kukana kupitiriza. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinadzuka, ndinachotsa majekete atatu pampando uja, kuwapatsa eni ake, n'kukhalapo. Mpandowo unali wawofuwofu kuposa wanga. Ndinatulutsa m'chikwama kabuku kanga ka kuchipatala ndi kabotolo ka mapiritsi n'kuziika patebulo.

A zamaphunziro, amene ndinayandikana nawo, anasuntha kapu yawo ya tiyi pang'ono, kuitalikitsa kwa ine. Ndinaona, ndipo zinandipweteka.

A zamalamulo anatsegula kabuku kaja ndi nsonga za zala. "Kalata yoyamba tinene kuti ndi iyi. Nanga yachiwiri, yoti mutu uli bwino?"

"Zokambirana zanu zonse za zaka zitatu ndalemba ndine," ndinatero. "Mwezi uliwonse mumazivomereza kuti n'zolondola. Inuyo ndi amene mumayamba kukweza dzanja."

Anayang'ana kudenga, kwa fani ija, kwa kanthawi ndithu.

"Zikumveka," anatero.

Chikalata chinazungulira tebulo. Ndinasaina pamzere wachisanu ndi chinayi, kenako ndinabwerera pampando wanga wakale kukalemba kuti ndasaina, poti panalibe wina wodziwa kulemba zokambirana.

Zinthu za boma sizithamanga. Mwezi unatha mankhwala asanafike kuseri kwa nyumba yanga, ndiye ndinatenganso fomu ija. Pamzere wa chifukwa ndinalemba kuti kukatenga mankhwala.

A Wapampando anawerenga mawu awiriwo nthawi yaitali.

"Ndiye azakhali aja?"

"Alipo awiri, bwana. Onse ali moyo."

Anasaina. Nditafika pakhomo anandiitananso, maso ali pamapepala.

"Mwana wanga wamkulu watha miyezi inayi osatuluka m'chipinda," anatero motsitsa mawu. "Kuchipatala kumeneko, munthu wosafuna kuonedwa amalowera khomo liti?"

"Khomo ndi limodzi, bwana," ndinatero. "Mzere umayamba sikisi koloko. Ndikakusungirani malo."