Dzina la Amake a Etta

Etta ankangofuna dzina basi. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, achipatala atanena kale kuti ndi mtsikana, ndipo iye anatsimikiza mtima kuti mwanayo atenga dzina la agogo ake, mayi amene Etta sanawaonepo ngakhale pachithunzi. Koma a Biswick, bambo ake, ayi ndithu, pakamwa ngati anachita kusokapo. Kuyambira ali mwana ku Ntcheu yankho linali lomwelo: "Amako anatsala ku Mozambique nthawi ya nkhondo." Akawafunsa dzina, ankangotsokomola n'kutuluka panja.

Tsopano nkhalambayo inali itatha miyezi iwiri mufulati ya mwana wakeyo ku Woolwich, mumzinda wa London, tsiku lililonse kudandaula kuzizira, ndipo ndege yobwerera kumudzi inali ya mawa lake. Etta anaona kuti akapanda kulimva lero, dzinalo lidzapita nawo kumanda.

Iye ankagwira ntchito panyumba ina yaing'ono yoonetsera zojambula ku Greenwich, kuika zithunzi zakale m'mafelemu. Mwezi umenewo anali ndi zithunzi za ku Spain, za zaka mazana awiri zapitazo, zazing'ono ngati tsamba la kope. Wojambula wake ankakanda chitsulo ndi singano, kuthira asidi, kupaka inki, kenako n'kudinda papepala. Zonsezo zinali za nkhondo: mitembo younjikana, akazi akukokedwa tsitsi, anthu opanda manja. Ndiye nzeru inamubwerera Etta yoti bambo ake akaziona, misozi idzawatsegula pakamwa. Sukulu nayo, abale! Munthu amayesa chilonda cha mnzake ndi chitseko choti angokankha.

Anakwera nawo sitima ya DLR m'mawa mpaka kuntchito kwakeko, n'kuwalowetsa m'chipinda chakumbuyo mmene munalibe anthu. A Biswick ataona chithunzi choyamba anavula chipewa ngati afika pasiwa. Chachiwiri, chachitatu, anangoyang'ana n'kupitirira. Pachachinayi panali munthu wopachikidwa pamtengo, msilikali atatsamira pambali akumuyang'ana ngati akudikira basi. Apa nkhalamba inawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza pepala.

"Wojambula uyu sanamangepo munthu," anatero a Biswick. "Mfundo iyi ndi yomangira mbuzi. Munthu akayamba kuphiriphitha imamasuka. Chingwe umachipinda kawiri, mfundo n'kuiika kuseri kwa khutu."

Ndipo anaonetsa ndi zala, mwachangu, mosaganiza n'komwe, monga mmene ankamangira matumba a chimanga pakhonde. Atazindikira, manjawo anangouma m'malere.

"Ababa, mwazidziwa bwanji zimenezi?"

A Biswick anafunafuna mpando n'kukhala. Anayankhula akuyang'ana pansi.

"Anandigwira kumunda ku Mozambique asilikali a m'tchire aja, ndili ndi zaka khumi, zisanu ndi zinayi. Lamulo lawo linali limodzi: ukakana kumanga mnzako, amanga iweyo. Ine sindinakane. Tsiku lina tinaotcha mudzi wina cha kumalire, mayi wina n'kugwidwa akuthawa ndi khanda kumsana. Mkulu wathu anati, Biswick, ako awo."

"Ababa, basi."

"Iwe wakhala ukufunsa, leka ndimalize. Mayiyo sanalire. Anamasula yekha mbereko, n'kulikhazika khandalo pansi, kulitembenuzira kutchire kuti lisaone. Kenako anabwera yekha pamtengo. Mawa lake ndinathawa, ndipo miyendo inanditengera pomwepo. Ndinakupeza uli pompo, nyerere thupi lonse, mawu atatha. Ndinakubereka mpaka ku Lizulu. Kumsasa wa othawa nkhondo atandifunsa, ndinati ndiwe wanga."

Kunja kunadutsa boti la pamtsinje wa Thames, ana asukulu akukuwa mosangalala. Etta anayang'ana manja aja. Ndi omwewo anamusambitsa, anamuluka tsitsi mokhotakhota anzake n'kumamuseka, analima fodya mpaka iye kufika kuno. Anafuna kudana nawo, chidani chinakana kubwera. Anafuna kuwamvera chisoni, nachonso chinakana. Anangoona kuti alibe mayi, alibe bambo, alibe mudzi, ndipo ngakhale tsiku lobadwa la m'pasipoti mwake linali lopeka. Mtima unamuwawa kuwawa kwenikweni, kopanda pokakudandaula.

Mwana anagunda m'mimba. Etta anagwira tebulo, n'kufunsa ndi mawu amene iye mwini sanawazindikire.

"Chabwino. Ndamva. Koma dzina lawo anali ndani?"

A Biswick anapotokola chipewa chija nthawi yaitali. Atadzutsa mutu, m'maso mwawo munalibe ngakhale msozi.

"Nthawi inalipo, mwana wanga. Chingwe chinali chitapiringizana, ndinachedwa nacho, iwo ataima pafupi ngati mmene waimiramu. Koma sindinawafunse."