Mapiritsi a Tsitsi

Mwamuna wake atamwalira, tsitsi la mayi wosoka makolala linayamba kuthothoka. Mlamu wake anamubweretsera botolo la mapiritsi omeretsa tsitsi. "Imwani awa alamu, mutuwo usafike pofanana ndi bondo."

Anamwa m'mawa uliwonse, koma thupi linali lofooka ndithu. Kuchipatala anamutenga magazi, ndipo adokotala anawerenga pepala osamuyang'ana n'komwe.

"Chithokomiro chanu chikuthamanga kwambiri. Mukuwonda eti?"

"Ayi adokotala, ndikunenepa. Ndimazizidwa dzuwa likuswa mtengo."

"Mayi, makina sanama. Imwani awa, chichepetse liwiro."

Munthu wotopa kale kumupatsa zomuchepetsa liwiro! Anamwa miyezi inayi. Nkhope inatupa, lilime linalemera, zala zinauma gwa. Kufakitale ya mayunifolomu anzake ankamaliza mitolo itatu iye akulimbana ndi umodzi. Tsiku lina anawodzera phazi lili pachopondera, singano n'kumuboola chala.

"Amayi, kuno si kogona alendo," anatero akapitawo. "Sabata ziwiri. Mukapanda kusintha, makinawa ndipatsa wina."

Makina amenewo ndiwo ankadyetsa ana ake awiri.

Anabwerera kuchipatala. Atamutenganso magazi, anapempha madzi kuti amwere piritsi lake la tsitsi lija. Mayi woyeza magazi ku labu anamulanda botolo n'kuwerenga.

"Mayo ine! Awatu amapusitsa makina athu. Chithokomiro chaulesi chimaoneka ngati cholusa. Sanakufunseni zomwe mumamwa?"

"Ndani? Aja amacheza ndi pepala aja?"

Analeka mapiritsiwo masiku atatu, anamuyezanso. Chithokomiro chinali chofooka kuyambira kale, mankhwala a adokotala n'kuchipondereza pansi.

"Zimachitika," anatero adokotala. "Nanga inu osanena bwanji?"

"Ndinanena kuti ndikunenepa. Munamva? Tsitsi lili kumutu, chithokomiro chili pakhosi, ine wa sukulu yapulayimale ndikanalota?"

Iwo analemba mankhwala ena. Akuti mphamvu zidzabwerera pakatha sabata zisanu ndi imodzi.

Lolemba, sabata ziwiri zija zitangotha, analawirira kufakitale, pepala latsopano lili m'manja. Pa makina ake panali patakhala kale mayi wina, atatsitsa ndi mpando womwe. Akapitawo anawerenga mpaka pansi, n'kulipinda bwinobwino.

"Pepani amayi, anakulakwirani zedi. Koma pepala silisoka kolala."

Mayi wosoka makolala uja anatsegula dirowa ya pa makinawo, anatenga sizasi yake ndi magalasi. Mayi winayo sanaimitse makina ngakhale pang'ono, anangosuntha bondo kuti dirowa itseguke.